Mnyamata amene anaimirira m'mayeso ku Chilanga

Chaka chilichonse pa 14 May, anthu akasonkhana pachiliza cha Kamuzu ku Lilongwe, olankhula amatchula masukulu ake motsatizana ngati akuloweza vesi: Wilberforce, Indiana, Chicago, Meharry, Edinburgh. Chisankho chikayandikira, mayina omwewo amatulukiranso pamkangano wina umene sutha m'dziko muno, wakuti munthu wofuna uphungu kapena upulezidenti azikhala ndi pepala lanji. Malamulo aakulu a dziko lino amafuna kuti phungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti atenge nawo mbali pazokambirana za m'Nyumba ya Malamulo. Ena amati zimenezi n'zochepa, pafunika digiri, ndipo mboni yawo yoyamba imakhala Kamuzu, poti ankati akalankhula ngakhale azungu ankakhala chete.

Mndandanda wa masukuluwo umadumpha mayeso amodzi, amene Kamuzu sanawamalize n'komwe. Kwa ine mbiri yonseyi inakhotera pamenepo.

Ku Kasungu m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, sukulu inali ya mishoni basi. Boma la atsamunda linalibe ngakhale nthambi yoona za maphunziro mpaka mu 1926, ndipo sekondale yoyamba, ya Blantyre, inatsegulidwa mu 1940. Dera la Kasungu nthawi imeneyo linali m'manja mwa amishoni a ku Scotland a Livingstonia, ndipo makwerero ake anali odziwika. Mwana ankayamba kusukulu ya kumudzi, akakhoza ankapita kusiteshoni ya mishoni, akaonetsa nzeru ankamupatsa ana ang'onoang'ono kuti aziwaphunzitsa uku iyenso akuphunzira. Pamwamba pa zonse panali Overtoun Institution ku Khondowe, imene Robert Laws anaitsegula mu 1894. Wofika kumeneko ankatulukako ali mphunzitsi, kalaliki, mlaliki kapena wothandiza kuchipatala. Kupitirira apo kunalibe njira.

Kamuzu anakwera makwerero omwewa. Anayambira ku Mtunthama, pansi pa mtengo wa kachere, kenako anafika kusiteshoni ya mishoni ya ku Chilanga. Patsogolo pake panali malume ake, Hanock Msokera Phiri, amene anali atadutsa kale ku Khondowe n'kukhala mphunzitsi. Kwa Achewa malume si munthu wamba pa mwana wa mlongo wake, ndipo dzina la mkuluyu limapezeka paliponse pamene moyo wa mnyamatayu unasinthira njira, ngakhale kuti pamisonkhano ya pa 14 May silimveka kawirikawiri.

Mu 1915 kunachitika mayeso a aphunzitsi achinyamata a m'deralo, ndipo wokhoza ankakhala ndi chiyembekezo chokapitiriza ku Khondowe. Woyang'anira anali m'mishoni wina, Thomas Cullen Young. Mafunso ankalembedwa pabolodi. Kamuzu, amene anali wamfupi, anakhala chakumbuyo, ndipo kutsogolo kwake kunali anzake otalika misinkhu. Anaimirira kuti aone bwino funso. Woyang'anirayo anaona ngati akuonera pepala la mnzake, ndipo anamuchotsa m'mayesomo. Panalibe likasa, panalibe bwalo lomva mbali yake. Kuimirira kokhako kunatseka khomo limodzi lokha limene mwana wa ku Kasungu ngati iye anali nalo. Pasanapite nthawi yaitali anachoka kwawo wapansi, kulowera kummwera.

Nkhaniyi tiyenera kuigwira mosamala. Momwe imafotokozedwera masiku ano inachokera kwa anthu awiri omwewo, wothamangitsa ndi wothamangitsidwa. Awiriwa anadzakumananso ku Britain patapita zaka zoposa 20, n'kukhala mabwenzi, ndipo mu 1946 anatulutsira limodzi buku la nkhani zolembedwa ndi anthu a kuno zimene anazimasulira m'Chingerezi, lotchedwa Our African Way of Life. Young anasimba za mayesowo m'mawu oyamba a bukulo, movomereza kuti mnyamatayo anamuganizira molakwika. Wina akhoza kunena kuti pofika nthawi imeneyo onse awiri zinawakomera kuifotokoza mofewa chonchi, mmodzi ali dokotala wolemekezeka, winayo ali nkhalamba yonyadira zipatso za mishoni. N'zoona. Komabe n'kovuta kuona chimene m'mishoni akanapindula podziika yekha pamalo a wolakwa, m'buku limene akuluakulu a mpingo wake akanawerenga. Philip Short, amene analemba mbiri ya Kamuzu mu 1974 popanda madalitso a boma la nthawiyo, naye anaitenga nkhaniyi kukhala yoona.

Chaka cha 1915 sichinali chaka wamba kwa munthu wakuda wodziwa kulemba. Mu January chaka chomwecho John Chilembwe, amene anakaphunzira ku Lynchburg ku Virginia, anaukira atsamunda ku Chiradzulu, ndipo zitatha izo azungu a m'minda analoza chala masukulu a mishoni kuti ndiwo akudzikweza nawo anthu akuda. Palibe amene analembapo kuti Young anachotsa mnyamata uja chifukwa cha Chilembwe, ndipo sitiyenera kulumikiza zinthu mokakamiza. Koma mpweya wa chaka chimenecho unali wokayikira wophunzira aliyense. Chaka chomwecho Clements Kadalie, wotuluka ku Khondowe, naye anachoka m'dziko muno, ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe la ICU ku Cape Town, limene linakula kukhala bungwe lalikulu la antchito akuda kumeneko. Mishoni inkanola mipeni imene dziko la atsamunda linalibe poisunga.

Apa pamabuka funso la msinkhu. Boma la Kamuzu linkati anabadwa mu 1906. Zikanakhala choncho, ndiye kuti wophunzitsa anzake uja, amene anayenda wapansi mpaka ku Southern Rhodesia, anali ndi zaka 9 zokha. Olemba mbiri ambiri amaika kubadwa kwake cha m'ma 1898, ndipo atamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997, kalata ya imfa inati anali ndi zaka 99. Chaka cha 1898 chikugwirizana bwino ndi nkhani ya mayeso: mnyamata wa zaka 17, wamanyazi aakulu, wosatha kubwerera kumudzi atatchedwa wobera.

Nayonso nkhani yakuti anayenda wapansi mpaka ku Joni imafupikitsa zinthu. Anayamba waima ku Hartley, kumene lero ndi ku Chegutu, n'kugwira ntchito yosesa pachipatala. Malume ake anamupeza komweko, ndipo cha m'ma 1917 anapitira limodzi ku South Africa, poyamba kumgodi wa malasha ku Dundee, kenako Kamuzu anapeza ukalaliki pamgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg. Cholinga chake chinali sukulu ya Lovedale, koma sanakafikeko. Zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu anazithera kumigodi, akuphunzira sukulu ya usiku. Khomo linatsegulidwa ndi mpingo wa anthu akuda a ku America, wa AME, umene iye ndi malume ake analowa. Bishopu wake, William Vernon, analonjeza kumuthandiza, ndipo mu 1925 Kamuzu anakwera sitima ya pamadzi kupita ku New York. Tiziikumbukira mfundo imeneyi anthu akamati atsamunda anamuphunzitsa: sukulu yoyamba ya kunja inalipiridwa ndi zopereka za zidzukulu za akapolo.

Za ku America zimadziwika. Anamaliza ku Wilberforce ku Ohio mu 1928, anadutsa ku Indiana, anatenga digiri ya mbiri ndi ndale ku Chicago mu 1931, ndipo udokotala anautenga ku Meharry mumzinda wa Nashville mu 1937. Chinthu chimodzi chokha ndichiimikepo. Ali ku Chicago anathandiza katswiri wa zinenero Mark Hanna Watkins, yemwenso anali wakuda, kulemba galamala ya Chichewa imene inatuluka mu 1937. Amene amakonda mphekesera zakuti Kamuzu weniweni anafera kunja ndipo kuno kunabwera munthu wina, poti ankalankhula Chingerezi chokhachokha pamisonkhano, ayenera kuyamba afotokoza za bukuli, komanso za makalata amene ankalemberana ndi akwawo zaka zonsezo.

Khomo lachiwiri linatsekedwa mu 1941. Mapepala a ku America sankamuloleza kugwira ntchito m'maiko olamulidwa ndi Britain, choncho anapita ku Edinburgh kukalemba mayeso enanso, ndipo anakhoza. Chimene ankafuna sichinali ndale. Ankafuna kubwerera kwawo kudzakhala dokotala wa mishoni. Olemba mbiri yake amati manesi achizungu a ku Livingstonia anakana kugwira ntchito pansi pa dokotala wakuda, ndipo boma la ku Zomba linali lokonzeka kumulemba pokhapokha atavomera kuti asamacheze ndi madokotala achizungu ngati anzake. Munthu wa madigiri onsewo, mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, anauzidwanso kachiwiri kuti atuluke m'chipinda. Anakhala ku Liverpool, ku North Shields, kenako ku London, akuchiza Angerezi osauka.

Ndale zinamupeza kumeneko. Mu 1945 anali nawo pamsonkhano wa Pan-African Congress ku Manchester, pamodzi ndi Kwame Nkrumah ndi Jomo Kenyatta. Ankatumiza ndalama ndi malangizo ku Nyasaland African Congress, ankalipirira ana ena sukulu, ndipo anamenya nkhondo ya pakamwa ndi ya cholembera yokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chitaganyacho chitakhazikitsidwa mu 1953 anasamukira ku Kumasi ku Gold Coast. Ndikaganiza za manesi aja ndimadzifunsa ngati dzina la Kamuzu tikanalidziwa kuposa la dokotala wina aliyense wa kumishoni, achikhala anangovomera.

Amene anamuitana kuti abwerere analinso ana a sukulu, koma a m'badwo wina: Henry Masauko Chipembere wophunzira kukoleji ya Fort Hare ku South Africa, Kanyama Chiume wophunzira kukoleji ya Makerere ku Uganda, ndi Dunduzu Chisiza. Iwo ankadziwa kuti ali ndi mphamvu koma alibe imvi. Ankafuna munthu amene mafumu ndi anthu a kumudzi angamumvere chifukwa cha msinkhu, ndiponso amene bwanamkubwa sangamuderere chifukwa cha mapepala. Digiri ya Kamuzu inagwira ntchito ngati chishango cha chipani. Anatera pa Chileka pa 6 July 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo pamisonkhano ankafuna womasulira, ntchito imene John Msonthi anadziwika nayo. Pa 3 March 1959 anamangidwa n'kutumizidwa kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, anatuluka pa 1 April 1960, ndipo pa 6 July 1964 dziko linalandira ufulu iye ali nduna yaikulu.

Walira mvula walira matope. Patangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu, mu September 1964, nduna zophunzira kwambiri m'boma lake, Orton Chirwa, Chiume, Augustine Bwanausi, Chipembere, Willie Chokani ndi Yatuta Chisiza, zinali kunja kwa boma, ena atachotsedwa, ena atatula okha. Chimodzi mwa zimene ankadandaula chinali chakuti Kamuzu akuchedwa kupereka maudindo a m'boma kwa Amalawi, akuti sanaphunzire mokwanira. China chinali chizolowezi chake chowatchula pagulu kuti anyamata ake. Omuikira kumbuyo amati ankaopa kuti ntchito za boma zingagwe m'manja mwa anthu osakonzeka, ngati zimene zinali zitangochitika ku Congo, ndipo mantha amenewo sanali opanda maziko. Koma amene anathawira kunja kapena kutsekeredwa ku Mikuyu m'zaka zotsatira, ambiri anali anthu amene sukulu inawaphunzitsa kufunsa mafunso, mpaka kudzafika kwa Jack Mapanje mu 1987. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto, dera limene Khondowe uja analidzaza ndi masukulu, analamulidwa kubwerera kwawo, powaganizira kuti akukondera ana a kwawo ndi kugwetsa dala ana a zigawo zina. Nawonso sanapatsidwe bwalo.

Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 iye ali mkulu wake, ndipo palibe angakane kuti anailimbikira. Koma sukulu imene anaiika pamtima inali ina. Mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, pafupi ndi mtengo wa kachere uja, kumene ana okhoza bwino ochokera m'maboma onse ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki mosalipira, mwana wa mlimi atakhala limodzi ndi mwana wa nduna. Aphunzitsi onse ankachokera kunja, makamaka ku Britain, mwa lamulo lake. Mphunzitsi wachimalawi, wonga Hanock Msokera Phiri, sakanaloledwa kugwira choko pasukulupo.