Mpamba wa dera sudyedwa

Ndatopa nalo funso lakuti, "Achimwene, kwathu tayambitsa foundation, ndiye madona tiwapeza kuti?" Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama za mabungwe, ndipo wofunsa chonchi ndimadziwiratu kuti chomwe wayambitsacho sanachimvetse. Community foundation ndi thumba losatha la anthu a dera limodzi. Eni dera amasonkha, mpamba umasungidwa ndi kuchulukitsidwa, ndipo chomwe chimagawidwa ndi phindu lokha. Mapulopozo ndi nkhani ina.

Thumba loyamba la mtunduwu linakhazikitsidwa mu 1914 mumzinda wa Cleveland ku America. Mwini ganizo anali Frederick Goff, loya yemwe anali mkulu wa banki ya Cleveland Trust Company. Chomwe chinkamusowetsa tulo ndi mawilo a anthu olemera, makalata onena za kagawidwe ka chuma chawo akadzamwalira. Munthu ankasiya chuma n'kulamula kuti chizigwira ntchito yakutiyakuti basi. Pakapita zaka vuto lija latha, koma ndalama zili duu, palibe wololedwa kuzikhudza. Chitsanzo chodziwika ndi cha Bryan Mullanphy wa ku St. Louis, yemwe anamwalira mu 1851 atasiya gawo la chuma chake kuti lizithandiza osauka odutsa mumzindamo popita kukakhala kumadzulo kwa dzikolo. Apaulendo oterowo atachepa, chumacho chinasanduka nkhani ya m'makhoti.

Goff anagawa ntchito pawiri. Banki isunge ndi kuchulukitsa ndalama. Komiti ya nzika, ena osankhidwa ndi banki, ena ndi meya ndi oweruza milandu, iziona komwe phindu lipite, ndipo ikhale ndi mphamvu yosintha ngati cholinga cha wopereka chatha ntchito. Wosunga ndalama ndi wina, wogawa ndi wina. Ndikanakonda komiti iliyonse kuno italoweza zimenezi pamtima.

Zaka zoyambirira thumba la Cleveland linalibe zambiri zogawa. Linayamba ndi kufufuza zinthu monga momwe sukulu za mumzindamo zinkayendera, kenako za apolisi ndi makhoti, n'kuuza anthu zomwe lapeza. Kudziwa bwino dera lako, mpaka kudziwa kagulu ka amayi kamene kamagwiradi ntchito ndi kamene kamangoonekera tsiku lobwera alendo, ndi theka la ntchito ya bungwe lotere. Ilo lokha silimanga zipatala kapena kukumba mijigo. Limapereka ndalama kwa magulu a m'deramo amene akuchita kale zimenezo, ndi kuwatsatira.

Ena amati zimenezi n'za azungu olemera. Ku Winnipeg, ku Canada, William Alloway anatsegula thumba mu 1921 ndi madola 100,000, inde. Koma mphatso yachiwiri, mu 1924, inali envulopu yopanda dzina yokhala ndi makobidi atatu agolide, madola 15 onse pamodzi. Kuno ku Africa, Kenya Community Development Foundation inayamba mu 1997, ndipo ku Bulawayo thumba la chigawo cha kumadzulo kwa Zimbabwe linamera pa mwambo wa anthu akumudzi wosonkha pang'onopang'ono wotchedwa qogelela. Ife amene timasonkhera maliro, chipereganyu ndi banki mkhonde sitingati kusonkha n'kwachilendo. Kusiyana kwake n'kwakuti banki mkhonde imagawana zonse chaka chikatha, pomwe thumbali mpamba wake sugawidwa. Kunja ambiri amagawa 4 kapena 5 peresenti pa chaka, zotsala zimabwerera m'thumba. Mlimi wanzeru sakazinga mbewu, ngakhale ana akulira njala mu February.

Pali nkhani imodzi yomwe imandiwawabe. Ana a dera lina okhala m'tauni ndi ku Joni anagwirizana zosonkhera fizi ya ana amasiye kwawo. Anasonkha mokhulupirika ndithu, ena kuchotsa pa malipiro a ulonda. Za kulembetsa bungwe ankangoti tichita mwezi wamawa, ndipo pakadali pano ndalama zinkalowa mu akaunti ya msungichuma, bambo wolemekezeka, mkulu wa mpingo. Sanabe ngakhale tambala. Koma kunabwera mnyamata wa suti yonyezimira ndi laputopu, n'kuwauza kuti ndalama zikungogona, iye atha kuziwirikiza kawiri m'miyezi itatu pa malonda a forex, ogula ndi kugulitsa ndalama zakunja pa intaneti. Mwezi woyamba anabweretsadi "phindu", lomwe linali gawo la ndalama zawo zomwe. Anamuwonjezera zotsala. Kenako foni sinapezekenso.

Pomwe ankandiitana, anandipatsa kope lakusukulu la mizere, masamba apakati atathothoka, ndi mauthenga a pa WhatsApp. Panalibe malamulo olembedwa, panalibe maminitsi osonyeza yemwe anavomereza. Mwalamulo ndalamazo zinali za munthu mmodzi amene anazipereka yekha mwakufuna kwake. Ana omwe anali atalonjezedwa fizi ya Fomu 1 anabwezedwa kusukulu teremu yachiwiri, ndipo bambo uja anasiya kupita kumudzi ngakhale kumaliro. Akanabwera kwa ine ndalama zisanachuluke, sabata imodzi ikanakwana kukonza zonsezi.

Choncho lembetsani kaye, musanalandire kwacha yoyamba. Ambiri amalembetsa ngati trust, bungwe lomwe anthu osankhidwa amasunga chuma m'malo mwa ena, ndipo ngati mudzagwira ntchito ngati NGO, lamulo limafuna kuti mudziwike ku NGORA, bungwe la boma loyang'anira ma NGO. Akaunti ikhale m'dzina la bungwe, osayina akhale osachepera awiri, ndipo asakhale munthu ndi mlamu wake. Nambala ya foni ya msungichuma si akaunti.

Kungosiya ndalama mu akaunti wamba nako n'kuzitaya mwakachetechete. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Thumba lomwe linkalipirira ana khumi lingalephere ana asanu popanda wakuba aliyense. Mpamba uyenera kugwira ntchito, kaya m'ma treasury bill (kubwereketsa boma ndalama kwa nthawi yochepa), m'masheya a pa Malawi Stock Exchange kapena m'nyumba yobwereketsa, ndipo phindu lina lizibwerera m'thumba kuti lithamangitsane ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Koma wokusungirani akhale ndi chiphaso cha Reserve Bank of Malawi, ndipo musakhutire ndi pepala lomwe wakuonetsani. Funsani nokha kubankiko.

Palinso akathyali ena amene sakhudza mpamba koma amayenda ndi chikwama cha mafomu, ati lipirani kangachepe tikulumikizeni ndi madona a ku Geneva. Bungwe loona lopereka thandizo silikulipiritsani kuti likupatseni ndalama. Mukamva mawu akuti "processing fee" kapena "mwayi utha Lachisanu", musamuitanirenso komiti munthuyo. Muperekezeni kumsewu.