Mbewu zobisala m'matope a matayala: mafunso ndi mayankho pa malangizo a nkhalango a ku Wisconsin

Kodi malangizowa ndi otani?

Mu 2009 bungwe la Wisconsin Council on Forestry, m'chigawo cha Wisconsin ku America, linatulutsa kabuku kolangiza eni nkhalango, alangizi a zankhalango ndi anthu odula mitengo. Nkhani yake ndi ya zomera ndi tizilombo tobwera, tija tikangofika pamalo timaswana mopanda malire mpaka kulanda malo a zomera zakomweko. Palibe amene amakakamizidwa kutsatira kabukuka. Ndi zodzipereka wekha.

Nanga ngati n'zosakakamiza, munthu angavutikirenji?

Chifukwa pambali pake pali lamulo. Chaka chomwecho cha 2009 boma la chigawochi linakhazikitsa lamulo lotchedwa NR 40, loletsa kunyamula, kubzala kapena kufalitsa mitundu ina ya zomera ndi tizilombo. Koma lamuloli likudziwa kuti wodula mitengo sangawerenge kambewu kalikonse komatirira ku thalakitala yake. Choncho ukanyamula mosadziwa, koma unayesetsa kusamala moyenera, sukhala ndi mlandu. Kutsatira malangizo aja ndi njira imodzi yosonyezera kuti unasamala.

Ine ndimaona kuti apa anaganiza bwino. Mlonda wa nkhalango angaime pachipata n'kuyang'ana zikalata, koma sangagwade pansi pa lole iliyonse kukanda matope. Amene angachite zimenezo ndi dalaivala mwini wake, ndipo amachita akamvetsa chifukwa chake, osati poopa chindapusa chokha.

Kwenikweni munthu achite chiyani?

Asanayambe ntchito ayende m'nkhalangomo, aone pomwe zomera zobwerazo zili, aike zizindikiro. Kenako ayambire kudula komwe kuli koyera, komwe kwagwidwa amalizire, kuti makina asatenge mbewu kupita nazo kwabwino.

Chachikulu ndi kuyeretsa. Pochoka pamalo, matope a m'matayala, a pansi pa makina, a ku nsapato ndi a m'mapindiro a thalauza azipalidwa ndi kachitsulo kapena bulashi, pomwepo, osati kutsogolo. Taganizirani chomera chotchedwa garlic mustard, chochokera ku Ulaya: tsinde limodzi limabala mbewu mazanamazana, zing'onozing'ono ngati za mpiru, ndipo zimatha kukhala m'nthaka zaka zingapo zisanamere. Chibuma chimodzi chogwa kuchokera pa tayala m'mbali mwa msewu chingathe kudzaza pansi pa nkhalango yonse, timitengo tating'ono n'kusowa pomera.

Amalangizanso kusagalauza nthaka mosafunikira, popeza nthaka yovundulidwa ndiyo zomerazi zimaikonda. Kumeneko ambiri amakonda kudula m'nyengo yozizira nthaka itauma gwa ndi chisanu. Miyala ndi dothi lokonzera misewu zichokere pamalo opanda zomerazi. Ntchito ikatha, malo otsala opanda zomera abzalidwe msanga zomera zosalanda malo, ndipo mwini wake azibwerako kudzaona chimene chamera.

Nkhuni nazo zili ndi vuto lanji?

Zili nalo lalikulu. Kachilombo kobiriwira kotchedwa emerald ash borer, kochokera ku Asia, kanapezeka koyamba ku America mu 2002 kufupi ndi mzinda wa Detroit, ndipo pofika 2008 kanali kali ku Wisconsin. Mphutsi zake zimadya pansi pa khungwa la mtengo wa ash, mtengowo n'kuuma pakangopita zaka zochepa. Pakokha kamauluka pang'ono, koma mu mtolo wa nkhuni kamayenda mtunda wautali tsiku limodzi. N'chifukwa chake m'malo a boma kumeneko salola nkhuni zochokera kutali kuposa mamailosi 10, pokhapokha zitatsimikizidwa kuti zinakonzedwa m'njira yovomerezeka yophera tizilombo. Limeneli ndi lamulo ndithu, si pempho.

Kodi ife kuno zikutikhudza?

Funsani anthu a ku Mulanje. Paini wa mtundu wa Pinus patula, wochokera ku Mexico, anabzalidwa m'phirimo ndi cholinga chabwino, koma anathawa m'minda n'kufalikira pomwe pamayenera kumera mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lakhala zaka zambiri likulimbana ndi kumuzula. Nsabwe zoyamwa mitengo ya mtundu wa mkungudza, zotchedwa Cinara cupressi, zinaoneka koyamba mu Africa kuno ku Malawi mu 1986. Za namasupuni mu Shire sitichita kuuzana.

Chisanu chouma gwa tilibe, koma zina zonse n'zotheka kwa komiti ya nkhalango ya m'mudzi kapena munthu wa kamunda ka bulugamu kuseri kwa nyumba. Mbande zogula zimabwera ndi dothi la kwina m'machubu, choncho yang'anani masamba ndi dothilo musanazikweze pa njinga. Macheka ndi nkhwangwa zobwereka zipukuteni.

Ndaona chomera chachilendo chikufalikira m'nkhalango yanga. Nditani?

Musadikire chichite maluwa. Ngati n'chochepa, chizuleni ndi mizu yomwe chisanabale mbewu, ndipo musakachitaye ku dambo kapena mumtsinje. Jambulani chithunzi pa foni mukasonyeze mlangizi wa zankhalango wa m'dera lanu, ndipo pamalopo muikepo chikhomo kuti mvula yotsatira ikagwa mudzaonenso ngati chaphukanso.