Munda wa agwape suyambira m'thumba la mbewu

Ku Kentucky, m'dziko la America, kuli mafamu ambiri amene anasanduka tsala ulimi wa fodya utalowa pansi. Ndi fodya wa bale yemweyu timamudziwa ku Kasungu ndi ku Mchinji. Mu 2004 boma la America linathetsa dongosolo la makota limene linkateteza mitengo ya fodya kuyambira m'ma 1930, ndipo alimi ang'onoang'ono ambiri anaona kuti palibenso chimene akupindula. Mu 2002 ku Kentucky kunali mafamu olima fodya oposa 29,000, koma pofika 2017 anali osakwana 3,000. Ena anapitiriza ndi ng'ombe. Ena anakalamba, ana n'kupita m'tauni, malo n'kutsala opanda wowasamala.

Ambiri amene amagula malo otere masiku ano si alimi. Ndi anthu ogwira ntchito m'mizinda ya Louisville, Lexington kapena Nashville, amene amagula maekala 40 kapena 100 kuti azikasakako agwape otchedwa white-tailed deer mwezi wa November ukafika. Agwape amenewa amasiyana ndi athu. Amphongo ali ndi nyanga zanthambi zimene zimathothoka chaka chilichonse pakati pa January ndi March, kenako zatsopano n'kumera. Mwini malo saloledwa kuwayesa ziweto zake. Malamulo a kumeneko amati nyama zakutchire ndi za anthu onse, boma ndilo limazisamala, ndipo limaika nyengo yosaka ndi chiwerengero chimene mlenje angaphe. Choncho munthu sangamange agwape pa malo ake. Chimene angathe n'kukonza malowo kuti agwape aziwakonda okha.

Apa m'pamene amalonda amalowera. M'masitolo a alenje mwadzaza matumba a mbewu okhala ndi chithunzi cha gwape wa nyanga zazikulu, ndipo wogula amabwera kunyumba akuganiza kuti akangomwaza mbewuyo basi zatheka. Ine monga wa zanthaka ndimaona kuti thumbalo liyenera kukhala chomaliza kugula, ndipo kamunda kamene amakalimira agwapeko ndi gawo laling'ono kwambiri la ntchito yonse. Akatswiri ambiri amalangiza kuti timinda toteroti tikhale pakati pa maekala 2 ndi 5 pa maekala 100 alionse. Nanga maekala 95 otsalawo? Nkhani yagona pamenepo.

Tiyambe ndi m'mimba mwa gwapeyo. Amabzikula ngati ng'ombe, koma sadya ngati ng'ombe. Ng'ombe ili ndi chifu chachikulu chotha kugaya udzu wokhwima, pamene gwape ali ndi kamwa yaing'ono yosongoka ndi chifu chaching'ono, motero amachita kusankha: nsonga zanthete, masamba a zitsamba zotambalala masamba, mphukira za mitengo, zipatso ndi njere za mitengo ya oak. Udzu amaudya pang'ono, makamaka ukadali wanthete. Ndipo kawirikawiri sadya chimene chili pamwamba kuposa mita imodzi ndi theka, chifukwa amavutika kufikira.

Tsopano taonani chimene mwini malo watsopanoyo amapeza akafika. Madambo ndi mabusa akale akutidwa ndi udzu wa tall fescue, makamaka mtundu wa Kentucky 31, umene unapezeka pa famu ina m'boma la Menifee mu 1931 ndipo unayamba kufalitsidwa kwa alimi mu 1943. Unathandiza kuletsa kukokoloka kwa nthaka, ng'ombe zinapeza msipu, koma kwa gwape ndi wachabechabe. Umalukana n'kuphimba nthaka moti njere za zitsamba zachilengedwe zimene zili pansi sizimera. Munthu akayang'ana amaona zobiriwira n'kumati chakudya chilipo, chikhalirecho gwape amangodutsa. M'malo ena mwamera mitengo ya eastern red cedar yothithikana, ndiponso zitsamba zochokera ku Asia monga autumn olive ndi multiflora rose. Zomvetsa chisoni n'zakuti zitsamba ziwirizi zinafalitsidwa kale ndi alangizi a boma omwe, ati n'zothandiza nyama zakutchire ndi nthaka. Lero eni malo akuwononga ndalama kuzichotsa.

Ku nkhalango nako zinthu sizili bwino, ngakhale kumaoneka kokongola. Mitengo ikakula n'kugwirana nthambi kumwamba, dzuwa silifikanso pansi. Pansi pamangokhala masamba ouma, munthu n'kumaona patali mamita 100 popanda chotchinga. Alendo amati nkhalango yosamalika, koma gwape sapezamo chodya kupatula miyezi yochepa imene njere za oak zikugwa, ndipo njerezo sizibereka chaka chilichonse mofanana. Mwana wa gwape, amene amabadwa mu May kapena June, alibenso pobisala ankhandwe a kumeneko otchedwa coyote.

Mankhwala a mavuto awiriwa ndi amodzi: dzuwa lifike pa nthaka. Aldo Leopold, amene anayambitsa maphunziro a kasamalidwe ka nyama zakutchire ku America, analemba mu 1933 kuti zida zimene zinawononga nyama n'zomwezonso zingazibwezeretse zikagwiritsidwa ntchito mwanzeru, ndipo anatchula nkhwangwa, pulawo, ng'ombe, moto ndi mfuti. Taonani kuti thumba la mbewu mulibe m'ndandandamo.

M'nkhalango, nkhwangwa ya lero ndi makina odulira mitengo. Mwini malo amasiya mitengo ya oak yathanzi, makamaka white oak, imene njere zake zimakhwima chaka chimodzi ndipo siziwawa kwambiri, n'kuchotsa mitengo yoyandikana nayo monga red maple ndi sweetgum. Ina amaigwetsa, ina amangoitema khungwa n'kuthiramo mankhwala kuti iumire chiimire. Cholinga n'chakuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a denga la nkhalangoyo litseguke. Pakatha mvula ziwiri pansi pamadzaza mphukira, mabulosi akutchire ndi zitsamba, zonse zili m'munsi mmene gwape amafikira. Zitsa za mitengo yodulidwayo zimaphukanso masamba amene agwape amawakonda kuposa a mtengo womwewo ukanakhala chilili. Ngati mitengo ina ndi yoti ingachekedwe matabwa, ndalama zake zimalipira ntchito yonse.

Ku dambo la fescue, njira imene Craig Harper wa pa yunivesite ya Tennessee wakhala akuphunzitsa kwa zaka zambiri ndi yosavuta kumva, ngakhale eni malo amavutika kuikhulupirira. Umapopera udzuwo ndi mankhwala opha udzu otchedwa glyphosate chisanu choyamba chitadutsa, cha mu November, pamene zomera zina zagona koma fescue akukulabe. Ukatero osadzalamo kanthu. Njere zimene zakhala m'nthaka zaka zambiri zimamera zokha: ragweed, pokeweed, partridge pea ndi zina zimene mlimi wa chimanga angazitche zitsamba zoipa. Masamba anthete a zambiri mwa zimenezi amakhala ndi mapuloteni ofika kapena kuposa 16 peresenti, umene ndi mlingo wofunika kwa gwape wamkazi woyamwitsa ndi wamphongo amene nyanga zikumera. Malo omwewo amakhalanso pogona ndi pobisa ana. Vuto lake n'loti amaoneka osasamalika, ndipo mwini malo amene wagula thirakitala yatsopano dzanja limamuyabwa kuti akatchetche. Kutchetcha chaka ndi chaka kumabweza udzu n'kupha zitsambazo.

Chosunga malo otere kuti asabwerere ku nkhalango ndi moto, pakatha zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse. Ife tikamva za kutentha tchire timaganiza za lupsa la mu September losadziwika woyatsa, lotsata mbewa n'kumaliza phiri lonse. Kumeneko wotentha amayamba walima mizere yotchinga moto, amagawa malo m'zigawo n'kutentha chimodzi chokha, amayang'ana mphepo ndi chinyezi cha mumpweya, ndipo amatsata malamulo a boma okhudza nthawi yotenthera. Ambiri amachita kukaphunzira kaye. Nyengo yotenthera imasinthanso zomera: moto wa kumayambiriro kwa chaka umangopsereza mitengo ing'onoing'ono n'kuphukanso, pamene wa mu August mpaka October umaifooketsa kwambiri n'kupatsa mpata zitsamba.

Zimenezi zikachitika, kamunda kambewu kaja kamakhala ndi ntchito yake yeniyeni, imene ndi kutseka mipata iwiri ya njala: kumapeto kwa nyengo yotentha, zitsamba zikakhwima n'kuuma, ndi kumapeto kwa nyengo yozizira, njere za oak zitatha, mitengo isanaphuke. Alenje amakakondanso chifukwa kamachititsa agwape kutulukira pamalo odziwika. Palibe chobisa pamenepo.

Koma asanadzale, ayeze nthaka. Ku Kentucky boma lililonse mwa maboma 120 lili ndi ofesi ya alangizi a zaulimi yolumikizana ndi yunivesite ya Kentucky, ndipo kuyezetsa dothi kumeneko n'kotchipa kuposa thumba limodzi la feteleza. Amatapa dothi m'malo khumi kapena kuposa m'kamundamo, kuya kwake masentimita 15, n'kusakaniza. Minda yambiri imene yakhala tsala imapezeka ndi asidi wambiri. Muyeso wake umatchedwa pH, ndipo manambala ake amanyenga: nthaka ya pH 5 ili ndi asidi kuchulukitsa kakhumi poyerekeza ndi ya pH 6. Ikatsika kupitirira 5.5, aluminiyamu wa m'dothi amasungunuka n'kupsereza nsonga za mizu, ndipo fosiforasi amagwidwa moti mbewu singamupeze. Kuthira feteleza m'nthaka yotere kuli ngati kutungira madzi m'dengu. Udzu wofiirira wotchedwa broomsedge ukachuluka m'munda, alimi a kumeneko amadziwiratu kuti nthaka yatopa ngakhale asanayeze.

Chochiza chake ndi laimu, mwala wogayidwa, kawirikawiri matani awiri kapena atatu pa ekala kuti pH ifike pakati pa 6 ndi 7. Laimu sagwira ntchito msanga. Amatenga miyezi ingapo, mwina mpaka isanu ndi umodzi, ndiye wofuna kudzala mu September ayenera kuthira cha mu March. Ndi wolemera, ndi wafumbi, ndipo galimoto yomwaza laimu siifika pa kamunda kamene kali kuseri kwa phiri. N'chifukwa chake ambiri amadumpha sitepe imeneyi, kenako n'kumadandaula kuti mbewu inali yonyenga. Alimi a kwathu kuno amene minda yawo yalandira urea zaka zambiri popanda laimu akulimbana ndi vuto lomweli.

Mbewu zake zambiri si zachilendo kwa ife. M'nyengo yotentha, kuyambira cha mu May, amadzala soya, khobwe ndi nkhungudzu, osati kuti akolole nyemba koma kuti agwape adye masamba. Amazipaka inokyulanti ngati mmene alimi a soya amachitira kuno, kuti mizu ipange timatuza totola nayitirojeni mumpweya. Soya ndiye amakondedwa kwambiri, ndipo vuto lake ndi lomwelo: pa kamunda ka ekala imodzi agwape amamudya atangomera masamba awiri, ndipo akadulidwa m'munsi mwa masamba oyambawo saphukanso. Pamafunika maekala atatu kapena kuposa, apo ayi mpanda wamagetsi wa milungu ingapo yoyamba. Khobwe ndi nkhungudzu zimapirirako. Mu August ndi September amadzala za nyengo yozizira: tirigu, oats, rye, repu, tanaposi ndi clover, kachomera kakafupi ka m'gulu la nyemba. Clover woyera akasamalidwa amakhala zaka zitatu mpaka zisanu osadzalanso, ndipo pa kamunda kakang'ono ka m'nkhalango ndiye amene ndingasankhe. Njere zake ndi zazing'ono kwambiri, ngakhale n'zokulirapo kuposa za fodya wa pa nazale, ndipo zikakwiriridwa kuposa theka la sentimita sizituluka. Amangomwaza pa nthaka yosalazidwa n'kupsinja.

Pali kachida kena kotchipa kamene kamathetsa mikangano yambiri. Ndi kakhola ka waya, kotalika mita imodzi mbali zonse, koikidwa pakati pa kamunda kuti gwape asafike pa mbewu za m'katimo. Ngati m'kati ndi kunja monse mbewu ndi zofooka, vuto ndi nthaka kapena mvula. Ngati m'kati zafika m'mawondo koma kunja zametedwa mpaka pansi, mbewu ilibe mlandu: agwape achuluka kuposa chakudya.

Zimenezi zimachitika kawirikawiri, chifukwa agwape si osowanso. Cha m'ma 1900 m'dziko lonse la America anatsala pafupifupi 500,000. Malamulo oletsa malonda a nyama zakutchire, msonkho wa pa mfuti ndi zipolopolo umene unaperekedwa ku ntchito yosamala nyama kuyambira 1937, ndi kusamutsa agwape kupita kumene anatha, zinawabweza mpaka lero akuyerekezedwa kukhala pafupifupi 30 miliyoni. Wamkazi wodya bwino amabereka mapasa chaka ndi chaka. Ndiye kuwonjezera chakudya osachepetsa pakamwa kumangochulutsa njala ya mawa, ndipo mitengo ing'onoing'ono ya oak imadyedwa isanakule. Gulu la alenje limene Joe Hamilton anayambitsa ku South Carolina mu 1988, limene kuyambira 2020 limatchedwa National Deer Association, lakhala likulimbikitsa zimene agogo awo ankazikana: kupha agwape aakazi okwanira, n'kusiya amphongo aang'ono kuti akule. Nyanga zazikulu zija zimafuna zaka zinayi kapena zisanu, ndipo palibe mbewu ingafupikitse zaka zimenezo.

Wina angafunse kuti bwanji osangothira chimanga pansi n'kusiya zovuta zonsezi. Chimanga chili ndi mapuloteni ochepa, ndipo gwape amene wazolowera nsonga za mitengo akachidya chambiri mwadzidzidzi m'nyengo yozizira chifu chimachita asidi mpaka kufa. Choopsa kwambiri ndi matenda a chronic wasting disease, amene anaoneka koyamba ku Colorado mu 1967. Amawononga ubongo, alibe mankhwala kapena katemera, amafala kudzera m'malovu, mkodzo ndi ndowe, ndipo choyambitsa chake chimakhala m'nthaka zaka zambiri. Anapezeka ku Tennessee mu December 2018, ndipo ku Kentucky mu December 2023, m'boma la Ballard, kumadzulo. Mulu wa chimanga kapena mchere wonyambita umachititsa agwape ambiri kuika pakamwa pamalo amodzi, motero m'madera ambiri amene matendawa apezeka boma limaletsa zimenezi kapena kuziikira malire. Kamunda kolimidwa kamaloledwabe chifukwa nyama zimabalalika podya, ngakhale kamunda kakang'ono kwambiri kodzaza agwape madzulo alionse sikasiyana kwenikweni ndi mulu wa chimangawo. Ku maboma a kumadzulo kwa Kentucky, timinda tingapo totalikirana ndi nkhalango yotsegulidwa bwino n'zotetezeka kuposa kamunda kamodzi kokoma kwambiri, ndipo mwini malo ayenera kuwerenga malamulo a chaka chimenecho asanathire chilichonse pansi, chifukwa malire a madera oletsedwawo amasintha matendawa akapezeka pena.