WiFi pa kompyuta yomanga nokha: tsegulani kaye bokosi musanakagule kalikonse

Sabata yatha kunabwera mnyamata wina wa pa Chanco amene amakhala ku Chikanda, anafika pa kabaza atafungatira kompyuta yake pamiyendo ataikulunga mu bulangete kuopa fumbi. Makinawo anamanga yekha, ndipo anamanga bwino ndithu, mawaya onse omangidwa mwaudongo, motherboard (board yaikulu imene zida zonse zimalumikizidwapo) ya B550, purosesa Ryzen 5 5600G, zonse za AMD, chilichonse chikuyaka. Koma WiFi zii. Akuti "akulu tandionereni, khadi ndagula yatsopano ya Intel, yalowa bwinobwino pa malo ake koma Windows sikuiona nkomwe, ma driver ndaika kanayi konse." Ma driver ndi timapulogalamu tothandiza Windows kugwiritsa ntchito chipangizo. Nditatsegula ndikuwerenga pa kasitika ka khadiyo ndinaona kuti palembedwa AX201. Vuto linali pomwepo basi.

Intel ili ndi makhadi awiri ofanana ngati mapasa, AX200 ndi AX201, kukula kumodzi, onse WiFi 6, onse amalowa pa siloti yomweyo. Koma AX200 ndi khadi yathunthu, chilichonse chili momwemo, ndiye imagwira kaya board ndi ya AMD kaya ya Intel. Pomwe AX201 ndi theka chabe, theka linalo lili mkati mwa chipset ya Intel, chip yaikulu ya pa board, njira yake amaitcha CNVi, ndiye imafuna board ya Intel kuyambira 10th gen (m'badwo wa 10 wa mapurosesa ake) kupita mtsogolo imene inapangidwira zimenezo. Ukaiika pa AMD ili ngati poto wopanda moto. AX210 ndi AX211 nkhani yake ndi yomweyo, yothera ndi 0 ndi ya aliyense, yothera ndi 1 ndi yosankha. Kanambala kamodzi kokha, koma munthu wadikira katundu milungu itatu kuchokera ku Joni, ndalama ya upkeep yapita. Zimandiwawa zimenezi chifukwa ogulitsa ambiri sakuuzani, mwinanso eni akewo sadziwa.

Ndiyambe ndi chinthu chimene ndimabwereza tsiku ndi tsiku pa ntchito yangayi: adaputa ya WiFi simapanga intaneti. Ntchito yake ndi kulumikiza kompyuta yanu ndi rauta, MiFi kapena hotspot ya foni, basi. Intaneti yeniyeniyo ikuchokera ku bandulo yanu ya TNM kapena Airtel, komanso mphamvu ya netiweki pamalo pamene mukukhalapo. Ndiye ngati MiFi yanu ikukoka 10Mbps ku Matawale kuno, ngakhale mugule khadi ya WiFi 7 yodula chotani mupezabe 10 yomweyo. Ambiri muno mu Zomba tikugwiritsa ntchito MiFi ndi mafoni, ndipo ma MiFi ambiri otchipa amaulutsa pa bandi ya 2.4GHz yokha (bandi ndi njira ya mawevu imene WiFi imadutsamo), tembenuzani yanuyo muwerenge kapena lowani mu ma setting ake muone. Ngati ilibe 5GHz, khadi ya WiFi 6E imene phindu lake lenileni ndi 6GHz ndikungotaya ndalama, bola muwonjezere RAM kapena mugule SSD, kusintha kwake mukuona tsiku lomwelo.

Manambala a pa bokosi nawonso amapusitsa. Mukaona AC1200 si kuti mupeza 1200 ayi, anangophatikiza 300 ya pa 2.4GHz ndi 867 ya pa 5GHz, koma kompyuta yanu imalumikizika ku imodzi yokha nthawi imodzi. AX3000 ndi 574 kuphatikiza 2402. Komanso amenewo ndi ma megabit, kuti mupeze ma MB amene mumaona pochita download mugawe ndi 8, ndipo m'nyumba yeniyeni ya makoma mukapeza theka la zimenezo muthokoze.

Za 2.4 ndi 5 zija ndifotokozeko pang'ono chifukwa pamenepa ndi pamene pali nkhani kwa ife. 2.4GHz imafika patali ndipo imayesetsa kuboola makoma, koma ndi msewu wopapatiza, tinjira tosaphatikizana ndi titatu tokha, 1, 6 ndi 11, ndipo Bluetooth nayo imadutsa momwemo. Ndiye taganizani hositelo ya ku Chikanda usiku wa mayeso, chipinda chilichonse hotspot yayatsidwa, ma earphone a Bluetooth, ma MiFi, onsewo akulimbirana tinjira titatu ngati ma minibasi pa depoti m'mawa wa Lolemba. Pamalo otere 5GHz ndi mpumulo weniweni, ili ndi malo ambiri, mafoni ambiri amakono amakulolani kusankha 5GHz pa hotspot. Koma kufooka kwake ndi khoma, nyumba zathu za njerwa zootcha zopaka simenti mbali zonse, makoma awiri okha yatheratu. Ndiye amene ali kwayekha ku Chinamwali kapena ku Sadzi, rauta ili pa sitingirumu kompyuta ili kuchipinda chakumapeto, 2.4 ingamuthandize kuposa 5. Ine ndimalangiza kugula adaputa ya mabandi onse awiri, 2.4 ndi 5, WiFi 5 kapena WiFi 6, kuti muzitha kusankha nokha malinga ndi malo.

Tsopano mitundu ya adaputa. Ilipo itatu: ya pa USB, khadi ya PCIe yolowa pa siloti ya pa board mkati mwa kompyuta, ndi kakhadi kakang'ono ka M.2 ngati ka mnyamata uja.

Ta USB ting'onoting'ono tija tonga chikhadabo, tolembedwa 150Mbps, ndi tomwe timapezeka kwambiri m'mashopu a m'tauni muno, ndipo sinditinyoza, pa WhatsApp Web, ma email ndi kutumiza asainimenti timagwira. Tambiri tili ndi chip ya Realtek RTL8188, WiFi 4 ya mchaka cha 2009, 2.4GHz yokha. Vuto lake ndi pamene anthu amatiika. Kompyuta ili pansi pa tebulo pakona, kadongle (ka USB kameneka) kali kumbuyo, kutsogolo kwake bokosi lachitsulo, kumbuyo kwake khoma, kanyanga kake mkatimo nkochepa kuposa njere ya mpunga, ndiye kamva bwanji? Mayi ena amene ali ndi ka bizinesi ka zosindikiza ndi fotokope anabwera akuti awagulire china chifukwa chimangoduka. Ndinawauza kuti "mayi musagule, tiyeni tiyese kaye ichi," ndinangotenga waya wa USB extension wa mita imodzi ndi theka, kadongle komweko ndinakamata ndi selotepi pamwamba pa shelefu moyang'ana kumene kuli rauta, timizere ta siginolo tinachoka pa kamodzi kufika tinayi iwo akuona. Chinanso, doko la USB 3.0, la buluu lija, likamagwira ntchito ndi hard drive yakunja limatulutsa phokoso la mawevu limene limasokoneza 2.4GHz, a Intel eni ake analemba za zimenezi mu 2012, ndiye kadongle ka 2.4 kaikeni pa doko lakuda la USB 2.0, patali ndi drive.

Pa za USB samalaninso ndi version. Dzina pa bokosi likhoza kukhala lomwelo koma chip mkati yasintha. Chitsanzo chodziwika ndi TP-Link TL-WN722N, version 1 inali ndi Atheros AR9271 imene ana a kompyuta amaikonda pa Kali Linux (sisitimu yoyesera chitetezo cha netiweki), koma version 2 ndi 3 muli Realtek, ndiye wophunzira amaonera vidiyo ya pa YouTube, kukagula, kenako zinthu osayenda monga anaonera. Version imalembedwa pa kasitika pafupi ndi serial number. Ngati muli nayo kale ndipo mukufuna kudziwa chimene chili mkati, lowani mu Device Manager, dinani pa chipangizocho, Details, Hardware Ids. Mukaona VID_0BDA ndi Realtek, VEN_8086 ndi Intel, nambala imeneyo siinama ngakhale bokosi litanama.

Ma driver nawo ali ndi kamsampha kake: mwamanga makina, mwaika Windows, WiFi ikufuna driver, driver ili pa intaneti, intaneti ikufuna WiFi. Ka CD kobwera m'bokosi kaja mulowetsa pati poti makesi ambiri a masiku ano alibe pa CD. Njira yachidule, lumikizani foni ya Android ndi waya wa chaja wotumiza data, yatsani USB tethering, kompyuta ipeza intaneti pompo, kokani driver pa webusaiti ya kampani yeniyeni osati timapulogalamu tija tolonjeza kukupezerani ma driver onse, timabwera ndi zinyalala zambiri. Kapena ikani driver pa fulashi musanayambe kumanga.

Kwa amene kompyuta yake ndi yokhazikika, yogwirira ntchito tsiku lonse, ine ndimakonda khadi ya PCIe ya tinyanga tiwiri. Simatentha msanga ngati ka USB, tinyanga take ndi tatikulu, ndipo zina zimabwera ndi tinyanga ta waya wautali tokhala ndi maginito pansi kuti muike pamwamba. Zambiri zabwino monga TP-Link Archer TX3000E mkati mwake ndi AX200 yomwe ija. Koma musanagule tsegulani bokosi la kompyuta muyang'ane ndi maso. Khadiyi imafuna siloti yaifupi ya x1, ndipo pa ma board ang'ono a micro ATX nthawi zambiri graphics card yonenepa imakhala yaiphimba silotiyo. Ngati pali siloti ina yaitali yopanda kanthu musadandaule, khadi ya x1 imalowa ndi kugwira bwino mu yaitali. Amene muli ndi ma Dell OptiPlex ndi HP opyapyala aja ochokera m'maofesi, amene ndi ambiri kwathu kuno, funsani ngati m'bokosi muli kachitsulo kakafupi ka low profile, apo ayi khadi ilowa koma chivindikiro sichitseka.

Ndipo pali kawaya kamene anthu ambiri amakasiya mu pulasitiki poganiza kuti nkosafunika. Pa makhadi amenewa WiFi imadutsa pa PCIe koma Bluetooth imadutsa pa USB, ndiye kawaya kaja kamayenera kuchoka pa khadi kukalowa pa mapini 9 a USB 2.0 pansi pa board, polembedwa F_USB kapena JUSB kapena USB basi malinga ndi kampani. Mukapanda kutero WiFi igwira, Bluetooth simuiona. Onetsetsani kaye kuti malo amenewo alipo opanda kanthu, ma board ena ali ndi awiri okha ndipo madoko a kutsogolo kwa kesi atenga kale.

M.2 ndiye imasokoneza chifukwa dzina ndi limodzi koma masiloti ndi osiyana. Ya SSD ndi Key M, ya WiFi ndi Key E, kampata ka pa mano kali pamalo osiyana, musakakamize. Si board iliyonse ili ndi Key E, onani mu manyuwo yake, ndipo ngati dzina la board simukulidziwa lembani msinfo32 pa Windows muwerenge pa BaseBoard Product. Kakhadi kokhako kamabwera kopanda tinyanga, mugule padera tinyanga ndi timawaya take ta mtundu wa MHF4, osati U.FL ya malaputopu akale imene ndi yokulirapo. Timitu ta timawayato ndi tanthete kwambiri, ikani molunjika, dinani pang'onopang'ono ndi chikhadabo mpaka mumve kuti tha, mukapotoza kamodzi kasoketi kamazuka pa khadi ndipo kukonza kwake nkovuta.

Windows yanu nayo iwerengereni. AX200 ilibe driver ya Windows 7, imafuna Windows 10 ya 64-bit kupita mtsogolo, ndipo 6GHz pa Windows imafuna Windows 11. Windows 10 yo Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 October 2025. A Linux, makhadi a Intel ndi amene savutitsa, AX200 driver yake ili kale mu kernel (mtima wa Linux) kuyambira 5.1, pomwe ta Realtek tina ta USB timafuna kuti muzimanga driver nokha kernel ikasintha.

Zida zinazo lamulo ndi lomwelo, ndingodutsamo. Purosesa ndi soketi zigwirizane, AM4 si AM5, LGA1200 si LGA1700. RAM ya DDR4 silowa pa DDR5, AM5 imadya DDR5 yokha, pomwe ma board a LGA1700 alipo a DDR4 alipo a DDR5 ndiye werengani dzina lonse mpaka kumapeto. Board yakale ya B450 kuti ilandire Ryzen 5000 imafuna BIOS (pulogalamu ya mu board yoyatsira kompyuta) yatsopano, ndipo chonde abale anga BIOS musamaisinthe opanda UPS, batire yosunga magetsi, magetsi akathima pakati pa ntchitoyo board ikhoza osadzukanso. Power supply musagule yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, ndi imene imadyetsa zida zonse zodulazo. Nyengo ya mvula ikafika, mabingu akayamba kugunda kuphiri uko, zulani pulagi pakhoma, kuzimitsa switch kokha sikukwanira.

Komanso ngati rauta ili chipinda chomwecho kapena choyandikana, waya wa Cat5e umanyamula 1Gbps mpaka mamita 100, sudziwa khoma sudziwa hotspot ya neba, ndipo doko lake lili kale pa board yanu mwaulere. Ambiri ndimawabweza ndi waya m'malo mwa khadi.

Kwa mnyamata wa ku Chikanda uja waya sukanatheka, amadalira hotspot ya foni ndi WiFi ya landilodi imene ili m'nyumba yaikulu kutsogolo. Tinachotsa AX201 tinaika AX200 pa siloti yomweyo, timawaya ta MHF4 tinali tabwino kale, Windows inaiona isanamalize nkuyaka komwe. Ndinamuonetsa kulemba netsh wlan show interfaces pa Command Prompt kuti aziona yekha siginolo ndi sipidi imene walumikizika nayo akamasuntha tinyanga, hotspot ya foni tinaiika pa 5GHz. AX201 ija ndinamuuza asaitaye, aisunge mu kapepala kake konyezimira kaja, pali mnzake wa laputopu ya Intel 10th gen imene khadi yake inafa, Loweruka akubwera nayo kuti tidzaione ngati ingalandire.