LISA, makina omwe masamu ake anayamba iwo asanapangidwe

Ambirife za mafunde a gravity, kunjenjemera kwa mlengalenga komwe kumabwera zinthu zolemera kwambiri zikamazungulirana kapena kugundana, tinazimva mu February 2016, a LIGO, makina omvera mafundewa ku America, atalengeza kuti pa 14 September 2015 anagwira kunjenjemera kochokera ku ma black hole awiri (malo okoka mwamphamvu moti olo kuwala sikuthawamo) omwe anagundana nkuphatikana. Koma mikono ya LIGO, mapaipi awiri omwe mumadutsa kuwala kwa laser koyezera kutalika kwake, ndi makilomita 4 basi, komanso ili pansi pompano pomwe nthaka siyisiya kugwedera, ndiye mafunde aulesi aja, oti limodzi kuti lidutse pamatha mphindi zingapo mwinanso ola, iwo sangawamve olo pang'ono. Amenewo nkofunika kukawatchera kumwamba, ndipo ndiyo ntchito yomwe LISA idzagwire.

Nkhaniyi siyadzana ayi. Mu 1975 Frank Estabrook ndi Hugo Wahlquist a ku JPL, labotale ya NASA, anawerengera kuti ukatumiza siginolo ya wailesi ku chombo chakutali iyo nkubwerera, funde likadutsa limasiya chizindikiro katatu, pokhudza dziko, pokhudza chombo, kenaka cha dziko chija chimamvekanso siginolo ikabwerako. Anadzayesadi ndi chombo cha Cassini mu 2001 koma sanagwire kanthu.

LISA yeniyeniyo idzakhala zombo zitatu zokhala ngati mafuwa, kutalikirana makilomita 2.5 miliyoni, zikutsatira dziko kumbuyo pozungulira dzuwa uku zikuwomberana laser. Mutu unawawa apa. Laser iliyonse ili ndi phokoso lake, ku LIGO mikono ndiyofanana ndiye ukachotsera kuwala kwa mkono uwu ku kwa mkono uwo phokosolo limadyana lokha, koma kumwamba palibe chomangirira zombo, mikono imatalika nkufupika chaka chonse, ndipo phokoso lotsalalo limaposa funde ukulifunalo kamiliyoni nkupitirira. Mu 1999 Massimo Tinto ndi John Armstrong anatulukira nzeru yomwe pano amati TDI (Time-Delay Interferometry). Kuwala kumatenga masekondi 8 ndi kanthu kuti kudutse mkono umodzi, ndiye iwe ungojambula zomwe mkono uliwonse wamva pawokha, kenaka pa kompyuta uchedwetse ichi mwadala, uphatikize, uchotsere, mpaka phokoso la laser likumane ndi lokha lomwe nkufafanizika. Ine chimandisangalatsa nchoti mikono yofanana ija amakaipangira mu kompyuta, kumwambako kulibe. Anadzaonanso kuti poti mafuwawo amazungulira, kuwala popita ndi pobwera sikutenga nthawi imodzimodzi, masamu aja anawakonzanso kachiwiri. Kuzungulira komweko kuli ndi phindu lakenso, funde limamveka mokweza miyezi ina motsika miyezi ina, ndipo pamenepo mpomwe amadziwira mbali yomwe likuchokera.

Kuyambira 2006 okonza LISA anayamba kupanga data yabodza, kubisamo mafunde nkupatsa magulu a asayansi kuti awasake, makina enieniwo kulibe.

LISA inali ntchito ya NASA pamodzi ndi ESA, bungwe la zamlengalenga la ku Ulaya, koma mu 2011 NASA inatulukamo chifukwa cha ndalama. A ESA anapitiriza okha, pa 3 December 2015 anatumiza chombo choyesera, LISA Pathfinder, chitanyamula timabokosi tiwiri ta golide wosakaniza ndi platinum, kalikonse pafupifupi makilogalamu 2, kuti aone ngati timabokosito tingayandame phee osakankhidwa ndi kanthu monga mmene zidzafunikire mu LISA, ndipo zinatheka kuposa mmene ankafunira. NASA inabwereranso ngati wothandizira, mikono yomwe poyamba ankati makilomita 5 miliyoni anaidula pakati, ndipo pa 25 January 2024 ESA inavomereza kuti ntchito yomanga iyambe. Akuti zombo zitatuzo zinyamuka cha mu 2035, zaka 60 chiwerengereni Estabrook ndi Wahlquist masamu aja.