Makina a pamsika saona microRNA

Ndatopa kumva kuno ku Chipata kuti kwabwera makina oona khansa m'maselo munthu akangogwira kachitsulo m'manja. Ogulitsa bodzali amabwereka mawu a sayansi yeniyeni, monga microRNA, choncho ine, monga wogwira ntchito mu labotale, ndifotokoze zimene ofufuza amachitadi.

M'maselo athu muli tizidutswa ta RNA (chinthu chofanana ndi DNA) totchedwa microRNA, ta zilembo pafupifupi 22 zokha, timene timachepetsa kapangidwe ka mapuloteni ena. Gulu la wasayansi Victor Ambros linapeza microRNA koyamba mu 1993 m'kanyongolotsi ka C. elegans, ndipo iye ndi Gary Ruvkun analandira mphoto ya Nobel mu 2024. Pofuna kuona microRNA m'selo lamoyo, ofufuza amalowetsamo kachingwe ka DNA kopindidwa pakati moti nsonga zake zimagundana. Kunsonga ina kuli utoto wowala, kwinako kuli chozimitsa kuwalako. Kachingweka kakapeza microRNA yogwirizana nako kamatambasuka, nsongazo zimatalikirana, ndipo utoto umaonekera pa maikulosikopu.

Komatu kuwala kumanamiza. Selo lili ndi ma enzyme, mapuloteni odula DNA yachilendo, ndipo akadula kachingweka kuwala kumabuka popanda microRNA iliyonse. Ngakhale microRNA yotchedwa miR-21, imene imachuluka m'khansa zambiri, imakweranso pamene thupi latupa chabe. Ntchitoyi imachitikira pa maselo oleredwa m'timbale ndi pa nyama za mu labotale, osati pa chikhatho cha munthu pamsika.

Mayi wina wa kumbali ya Katete sachoka m'maganizo mwanga. Ankataya magazi pambuyo pogona ndi amuna awo, koma analipira ndalama za mbewu kwa munthu wa makina otere, amene anawauza kuti maselo awo ndi oyera n'kuwagulitsa mankhwala a m'botolo. Pamene kachidutswa ka khomo la chiberekero chawo kanatumizidwa kukapimidwa, miyezi yambiri inali itapita ndipo khansa inali itafalikira. Anandifunsa kuti, "Nanga makina aja sanaione bwanji, achimwene?" Ndinawayankha kuti, "Amayi, makina aja saona kanthu." Kupima khomo la chiberekero ndi viniga kapena kupima HPV (kachilombo koyambitsa khansayi), kumene anamwino amachita ku Chipata Central Hospital ndi ku St Francis ku Katete, kukanatha kusonyeza vutolo lisanafike powatumiza ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, ulendo umene mayiwo anauyamba atafooka kale.