Imelo ikulowa koma sikutuluka: onani seva zonse ziwiri

M'maofesi a muno mu Zomba dandaulo ili limamvekamveka: makalata akubwera bwinobwino, koma amene mwalemba inu angokhala mu Outbox osachoka. Gwero lake n'lakuti pulogalamu ya imelo, kaya ndi Outlook, Thunderbird kapena ya pa foni, imalumikizana ndi seva ziwiri, omwe ndi makompyuta a pa intaneti osamalira makalata anu. Ina ndi yolandirira makalata, ina ndi yotumizira, ndipo iliyonse ili ndi dzina lake ndi port yake, nambala yomwe ili ngati khomo lolowera pa sevayo. Imodzi ikhoza kuyenda bwino inzake itakanika.

Musanakhudze chilichonse, lowani mu imelo yanu kudzera pa browser. Ikatseguka, ndiye kuti password ili bwino ndipo seva ikugwira ntchito. Kawirikawiri vuto limakhala m'zimene mwalemba mu pulogalamu.

Kumbali yolandirira mumasankha pakati pa njira ziwiri, IMAP ndi POP3. POP3 imakoka makalata n'kuwasunga mu kompyuta, ndipo ikauzidwa kuti izifufuta pa seva, kalata iliyonse imatsala pa makina amodzi okhawo. Hard disk ikafa kapena laputopu ikabedwa, makalata a ofesi a zaka zambiri apita pomwepo. IMAP imawasiya pa seva, foni ndi kompyuta zimangoonetsa zomwe zili kumeneko. Kwa aliyense amene amawerenga imelo pa zipangizo ziwiri, IMAP ndiyo yoyenera. Dziwani chabe kuti chimene mwafufuta pa foni chafufutika paliponse, komanso malo anu pa seva akadzaza, okulemberani amabwezeredwa makalata awo.

IMAP imayendera port 993, POP3 imayendera 995, zonse pogwiritsa ntchito SSL/TLS, njira yobisira zimene zikutumizidwa kuti ena asaziwerenge. Manambala akale, 143 ndi 110, akakhala opanda STARTTLS, yomwe ndi njira ina yobisira, amatumiza password yanu yosabisika, zomwe n'zoopsa pa Wi-Fi ya anthu ambiri.

Kumbali yotumizira, yomwe ndi SMTP, n'kumene ambiri amasokonezeka. Njira zake ndi ziwiri: port 587 ndi STARTTLS, kapena port 465 ndi SSL/TLS. Musazisakanize. Pa 465 seva imafuna kuti zonse zibisike kuyambira pachiyambi, pomwe pa 587 pulogalamu imayamba yadziwonetsa kaye kenako kubisa n'kuyamba. Mukaika 465 ndi STARTTLS, pulogalamu ndi seva zimangodikirana mpaka nthawi itatha. Port 25 isiyeni. Ndi ya seva zokhazokha potumizirana makalata, ndipo makampani ambiri a intaneti amaitseka pofuna kuchepetsa spam.

Seva yotumizira nayo imafuna dzina ndi password. Mu Outlook yakale pitani pa More Settings, kenako Outgoing Server, n'kuchonga pamene akunena kuti seva yotumizira imafuna authentication, kutanthauza kutsimikizira kuti ndinu mwini wake. Mukapaiwala, makalata opita kunja kwa ofesi amakanidwa ndi mawu onga "relay denied". Pa username lembani adiresi yonse, kuphatikizapo @ ndi zonse zotsatira, mpaka .mw ngati ilipo.

A Gmail alembe imap.gmail.com ndi smtp.gmail.com. Koma kuyambira 2022 Google inasiya kulandira password wamba kuchokera ku mapulogalamu otere pa maakaunti a anthu, ndipo Microsoft inachita chimodzimodzi pa Outlook.com ndi Hotmail mu September 2024. Posankha njira yotsimikizira, tengani OAuth2. Patseguka tsamba la Google kapena Microsoft pomwe mulowetse password yanu. Pulogalamu ikakhala yakale kwambiri moti OAuth2 siidziwa, ku Gmail mungayatse 2-Step Verification, kutsimikizira kwachiwiri kuwonjezera pa password, n'kupanga app password ya zilembo 16, yomwe mumalemba mu pulogalamuyo m'malo mwa password yanu. Kusinthasintha password sikuthandiza pamenepa. Ndi bwino kungoika Thunderbird, yomwe ndi yaulere.

Uthenga wokhudza certificate, chiphaso chotsimikizira kuti seva ndi yeniyeni, ukatuluka, musafulumire kuvomera. Yang'anani kaye tsiku ndi nthawi pa kompyuta. M'makompyuta a patebulo muli kabatire kozungulira ka CR2032 kosunga nthawi makina akazima. Kakatha mphamvu, magetsi akangothima tsiku limabwerera zaka zam'mbuyo, ndipo certificate yabwinobwino imaoneka ngati yosavomerezeka. Sinthani kabatireko, ndipo nthawi ikhale ya kuno, UTC+2, yomwe pa Windows imalembedwa kuti Harare, Pretoria. Tsiku likakhala lolondola, n'kutheka kuti dzina la seva lomwe mwalemba silikufanana ndi la pa certificate. Izi zimachitikachitika kwa mabungwe omwe imelo yawo imasungidwa ndi kampani ya hosting, yobwereketsa malo pa seva zake. Afunseni eni hosting dzina lenileni la seva iliyonse, mulembe monga momwe akuuzirani mbali zonse ziwiri.

Pa IMAP, tsiku loyamba pulogalamu imafuna kukoka makalata onse, ndipo bando imatha musanadziwe. Mu Thunderbird, pa Synchronization & Storage, uzani kuti izikoka a masiku 30 apitawa okha. Fayilo yomata pa kalata imakulanso ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu potumizidwa, choncho ya 20 MB ikhoza kukanidwa ndi seva yolola kalata ya 25 MB. Kalata yotere ikakakamira mu Outbox imatha kutsekereza zina zonse zam'mbuyo mwake. Ichotseni, kenako dzitumizireni kalata yaifupi nokha kuti muone ngati ikutuluka n'kubwerera.